Pepala la mwana lalembedwa t(12;21), kodi ndi matenda akumtundu?

Nangozo: Abale, ndithandizeni. Tili ku Johannesburg, ndipo mwana wanga wa zaka 4 amupeza ndi khansa ya m'magazi yomwe akuitchula kuti ALL. Atayeza mafuta a m'mafupa, pepala labwera litalembedwa t(12;21) ETV6-RUNX1. Adokotala akuti ndi nkhani yabwino, koma ine ndangomvapo mawu oti chromosome basi. Apongozi ku Ntcheu ayamba kale zoti nthendayi yachokera kwathu. Kodi mng'ono wake tikamuyezetse?

Bambo a Tadala: Pepani kwambiri achemwali. Ine ndimagwira ntchito mu labu, mapepala otere ndimawaona. Selo la munthu limakhala ndi ma chromosome 46, timizere tosunga malangizo a mmene thupi limapangidwira, ndipo amadziwika ndi manambala. Zimene zachitika apa n'zoti nambala 12 ndi 21 anaduka n'kusinthana zidutswa, ndipo ETV6 ndi RUNX1 ndi mayina a majini awiri amene analumikizana pamenepo. Zimenezi zili m'maselo a khansawo okha, osati m'thupi lonse la mwana, ndipo sanazitenge kwa inu kapena kwa bambo ake. Apongoziwo auzeni choncho, mwaulemu koma mosazungulira. Mng'ono wake sayezedwa, pokhapokha akanakhala mapasa ofanana.

Adokotala sakukunyengererani ayi. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi odwala ALL amakhala ndi t(12;21), ndipo mtundu umenewu umamva mankhwala bwino. Chodabwitsa china: maselo a khansa akakhala ndi ma chromosome ochuluka, opitirira 50, zimakhalanso bwino. Akachepa osafika 44 m'pamene timagwira njakata.

Chimwemwe_Leeds: Amuna anga khansa yawo ya m'magazi inali ya Philadelphia, t(9;22). Imeneyo imakonda akuluakulu, kwa ana ndi ya apo ndi apo. Peter Nowell ndi David Hungerford anaiona mu 1960 mumzinda wa Philadelphia, ndipo Janet Rowley ndiye anazindikira mu 1973 kuti ndi 9 ndi 22 amene asinthana zidutswa. Kale inali yoopsa zedi. Lero amaonjezera mapiritsi a imatinib kapena dasatinib pamwamba pa chemo. Musasokoneze ndi yanuyo mukamawerenga pa intaneti, n'zosiyana.

Bambo a Tadala: Zoona mayi. A Nangozo, pepalalo lisakupumitseni msanga. Funsani zotsatira za MRD akamaliza mwezi woyamba wa mankhwala, zimene zimasonyeza maselo a khansa otsala. Ndipo mapiritsi a kunyumba aja, mercaptopurine ndi methotrexate, amamwa mpaka chithandizo chonse chikwane zaka ziwiri kapena kuposerapo, ngakhale mwana akuthamanga ngati wachira.

Nangozo: Zikomo nonse. Za MRD ndikafunsa Lachinayi. Apongoziwo awaimbire okha bambo a mwana.