Kodi denga la tchalitchi chachikulu cha ku Florence ndi la Renaissance zoona?

Akuluakulu amene mumadziwa mbiri ya zomangamanga, ndikupempha thandizo pa nkhani ina imene ikundizunguza mutu pamene ndikukonza phunziro la ophunzira anga.

Timaphunzitsa kuti kamangidwe ka Renaissance kanayambira ku Florence, mzinda wa ku Italy, m'zaka za m'ma 1400, pamene amisiri anabwerera ku luso la Aroma akale, monga nsanamira zoyezedwa mosamala ndi mbali ziwiri za nyumba zofanana ndendende. Pa Ospedale degli Innocenti, nyumba yolereramo ana otayidwa imene Filippo Brunelleschi anayamba kumanga mu 1419, zimenezi zimaonekeratu pakhonde pomwe.

Chimene chikundivuta ndi denga la Santa Maria del Fiore, tchalitchi chachikulu cha ku Florence, limene mmisiri yemweyu anamanga kuyambira 1420 mpaka 1436. Denga la Pantheon, kachisi wa Aroma akale ku Rome, ndi lakonkire ndipo ndi lozungulira ngati mphika wovundikira, pamene la ku Florence lili ndi mbali 8 ndipo ndi losongoka monga mwa kamangidwe ka Gothic, kamene kanalipo Renaissance isanayambe. Komanso maonekedwe ake anagwirizanidwa mu 1367, Brunelleschi asanabadwe n'komwe. Ine ndikuona kuti nzeru zake zinali pa mamangidwe, poti anamanga denga la zigoba ziwiri, n'kuyala njerwa mopingasa kuti zizigwirana zokha popanda mitengo yochirikiza kuchokera pansi.

Nanga ndi chiyani kwenikweni pa dengali chimene chinachokera kwa Aroma? Ndipo kwa ophunzira ongoyamba kumene, kodi si bwino kuyambira pa Tempietto, katchalitchi kakang'ono kozungulira ka mmisiri Donato Bramante ku Rome, kamene Chiroma chake sichikayikitsa?