Profibus DP ikumaduka pampu yaikulu ikangoliza, thandizeni

Moni nonse akuluakulu m'gulu muno. Ndathedwa nzeru, ndiye ndati ndifunse kuno.

Pafakitale pomwe ndimagwira ntchito tili ndi PLC (kompyuta yoyendetsa makina) ya S7-300 yolumikizidwa ndi ma ET 200M (masiteshoni olumikizirapo masensa ndi zida zina) asanu komanso ma drive (zida zoyendetsa liwiro la mota) atatu pa Profibus DP (netiweki yomwe zida zimenezi zimatumizirana uthenga), liwiro 1.5 Mbit/s. Zonse zimayenda bwinobwino mpaka pampu ya 75 kW italiza. Ikangoyamba, kanyali ka BF (kosonyeza vuto pa netiweki) kamaphethira, siteshoni yomaliza n'kusowa kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako n'kubwerera yokha. Usiku wathawu zachitika kanayi, moti abwana ayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira.

Ma terminator (ma resistor otsekera mapeto a chingwe) ndaona, ali ON kumapeto kuwiri kokha. Ndasintha makonekita awiri, waya wobiriwira ali pa A, wofiira pa B, ndipo palibe adiresi yobwerezedwa. Chingwe cha Profibus cha pepocho ndi cha mamita pafupifupi 180, pomwe malire pa liwiro limeneli ndi 200. Chikundikayikitsa n'chakuti mamita 30 chimadutsa m'thireyi imodzi ndi nthambo za mota, anayala choncho kalekale ine ndisanabwere.

Kodi nditsitse liwiro kufika 500 kbit/s, ndiike repeater (chida cholimbitsa siginolo), kapena ndingopatula chingwecho? Nanga shield (chikuto chachitsulo cha chingwe) inu mumaimangira ku earth pa siteshoni iliyonse? Oscilloscope tilibe, tili ndi multimeter basi.