Mboni yanga ndi agogo olankhula motalika, ndichite bwanji?

Loya wachinyamata, Salima:
Akuluakulu, ndithandizeni. Lachiwiri ndili ndi mlandu kukhoti la majisitireti kuno ku Salima. Kasitomala wanga ndi mayi wogulitsa usipa wouma ku Senga Bay. Anapereka matumba 14 pangongole kwa munthu wina wa ku Lilongwe, popanda kulemberana. Lero munthuyo akukana. Mboni yokhayo ndi agogo amene ankayeza usipawo, koma mukawafunsa za tsikulo amayambira pa njala ya 2002. Ndikuopa kuti loya wa mbali inayo awasokoneza. Mayiwa mpamba wawo wonse unathera pamenepo, tulo sindikugona.

Mkulu wa ku Nkhotakota:
Achimwene, musawaloweze mawu agogowo, woweruza amazindikira msanga. Khalani nawo pakhonde Lamlungu, muwafunse mafunso aafupi: kunali kuti, anabwera ndani, matumba anali angati, anakweza ndani pagalimoto. Muwauze kuti akaiwala anene kuti aiwala, asapeke. Komanso mwafufuza foni ya mayiwo? Ngati munthuyo anatumizapo kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, yambirani pamenepo. M'khoti mumufunse kaye munthuyo ngati nambalayo ndi yake, avomere, kenako mumuonetse uthengawo. Wokana ngongole amavutika kufotokoza chimene ankalipirira.

Womasulira wopuma:
Ndinagwira ntchito m'khoti zaka zambiri. Agogowo azilankhula pang'onopang'ono. Mvetserani bwino kamasuliridwe ka "kubwereka" ndi "kubwereketsa", mawu awiriwa akasinthana nkhani imatembenuka.

Loya wachinyamata, Salima:
Zikomo bambo. Mayiwo akuti analandiradi K50,000 mu Juni. Ndikupita ku Senga Bay madzulo ano.