Thandizeni abale, nyerere zalowa mu thanki ya nkhanu za mwana wanga

MamaWaAwiri_Indiana

Moni nonse. Ndikudziwa ena museka koma vuto langa ndi lenileni. Chaka chatha tinapita ku holide ku Myrtle Beach ndiye mwana wanga wamkazi anaona timahermit crab mu shopu ina ya m'mbali mwa nyanja, tinkhanu tokhala m'zigoba za nkhono tija, analira mpaka bambo ake anagula titatu. Ine ndimati tifa pa sabata imodzi koma ayi ndithu tilipo, tinazigulira thanki yagalasi ya magaloni 20, mchenga, chotenthetsera chomata kumbuyo, ndipo maina anapereka yekha mwiniwake, Mandasi, Chigumu ndi Zitumbuwa kkkk.

Nde dzulo m'mawa ndikupita kukachotsa mbale ya chakudya ndapeza yakuda bii, nyerere zokhazokha pa kachidutswa ka mango kamene tinaika usiku. Ndi ting'onoting'ono takuderako, tandanda mzere kuchokera kuseri kwa thanki mpaka pansi pa windo, ndipo ukatinyenya ndi chala timanunkha kafungo kenakake ngati kokonati woola. Ndachotsa mbale, ndapukuta, madzulo tabweranso. Lero ndaona tina tikuyenda pa mchenga penipeni.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi Chigumu. Anadzikwirira mu mchenga masabata atatu apitawo sanatulukebe, ndikuganiza akufundula. Mwana akufunsa daily kuti mami nyerere zimudya Chigumu? Bambo akunyumba akuti tingopopera mankhwala kuzungulira thanki nkhani ithe. Ndifukule mchenga wonse kapena ndisiye? Alipo anasungapo tinthu timeneti?

Malume_a_ku_Kawale

Achemwali inu mwafika ku America mpaka kuweta nkhanu kkkkk, ife tili ana timazigwira pansi pa miyala ku mtsinje osazipatsa mango ayi. Komabe poti mwana wazikonda. Kuno nyerere sitichedwa nazo, Doom kamodzi basi, kapena choko chija cha mphemvu mujambule mzere kuzungulira tebulo sizidumpha. Linthumbu likabwera kumudzi timathira phulusa lamoto pakhomo. Alamu akunena zoona, poperani.

NkhanuZisanu_Houston

Malume pepani koma apa ndikutsutsani poyera, ndipo asisi chonde musanachite chilichonse auzeni bambo abweze chitini cha mankhwalacho mu kabati. Ine ndili nazo zisanu, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Nkhanu ndi nyerere ndi pachibale, zonse ndi za m'gulu la tizilombo ta chikamba cholimba kunja ndi miyendo yolumikizalumikiza, ndiye mankhwala opha nyerere amapha nkhanu chimodzimodzi, ndipo a mtundu wa pyrethroid amene ali m'masipule ambiri ogulitsa m'mashopu ndi oopsa kwambiri kwa nkhanu ndi zinzake za m'madzi. Choko cha mphemvu chija ndi mankhwala omwewo angouma. Kuonjezera apo nkhanuzi sizipuma ndi mapapo ngati ife, zili ndi ziwalo zopumira zonga za nsomba zimene zimayenera kukhala zonyowa nthawi zonse, nchifukwa chake timasunga chinyontho cha mu thanki pa 70 mpaka 80 peresenti. Mukapopera m'chipinda, utsi uja umakatera pa mchenga wonyowa ndi m'madzi awo, mawa mupeza zatuluka m'zigoba zili gada. Ngakhale perefyumu kapena zonunkhiritsa m'nyumba ine sindilola m'chipinda chimenecho.

Za fungo la kokonati mwanenalo, zimenezo ndi zija amati odorous house ant, zofala kwambiri kwanuko makamaka mvula ikagwa chisanu chitatha. Pamenepa mwapulumuka pang'ono chifukwa siziluma ngati ma fire ant a kuno ku Texas, amenewo akalowa mu thanki ndi nkhondo, amatha kupha nkhanu yofundula. Koma zanuzo zili ndi khalidwe lake loipa, zimakhala ndi mafumukazi ambiri chisa chimodzi ndipo zimasamuka msanga kutsata malo ofunda a chinyontho. Tangoganizani thanki yanu, kotentha madigiri 24 mpaka 29, konyowa, chakudya chaulere usiku uliwonse, kwa nyerere imeneyo ndi hotela. Ndipo mukazipopera sizitha, zimangogawikana timagulu nkukamanga zisa zingapo m'makoma.

Ndiye funso loyamba si lakuti muziphe bwanji, koma kuti kodi zikungobwera kudzadya nkubwerera kapena zasamukiramo? Usiku tengani tochi. Nyamulani chilichonse chili pamwamba pa mchenga, mitengo, moss (ndere), zigoba zopanda kanthu, mbale zamadzi zonse ziwiri, muone kunsi kwake. Muonenso pakati pa chotenthetsera ndi galasi ndi mu felemu yapulasitiki ya m'mphepete. Mukaona zikuthamanga zitanyamula tinthu toyera ngati timpunga tosweka, amenewo ndi ana awo, ndiye kuti chisa chili pompo. Ngati palibe ndiye ndi alendo chabe ntchito yachepa.

Alendo muwatsekere njira. Pukutani mzere wonse umene zimadutsa ndi viniga wosakaniza ndi madzi theka theka, kunja kokha, chifukwa zimatsatana ndi fungo limene zinzawo zasiya. Kenako Vaseline, mupake lamba wonenepa ngati zala ziwiri kuzungulira galasi kunja chakumunsi, miyendo ya tebulo, komanso chingwe cha magetsi cha chotenthetsera, anthu ambiri amaiwala chingwecho pomwe ndi mlatho wawo waukulu. Thanki isakhudze khoma kapena katani. Zipatso musiye kaye masabata awiri, muzipereka zouma, muziika usiku nkuchotsa m'mamawa. Zikatero mpamene muike nyambo ya borax ija ya madzimadzi, Terro kapena ina yotero, pafupi ndi windo pomwe zikulowera, kutali ndi thanki komanso pomwe mwana wamng'ono sangafike. Dongosolo lake likhale limenelo, kutseka kaye nyambo pambuyo, chifukwa nyerere yomwa poizoni ikalowa mu thanki nkuferamo, nkhanu zimatola chilichonse. Masiku oyamba zidzachuluka pa nyambopo mpaka mudzanyansidwa, musaziphe, zisiyeni zipititse kwa mafumukazi awo.

Chigumu musamufukule. Ndibwereza, musamufukule.

Wa_ku_Bellville

Kuno ku Cape Town nyerere ndi moyo wathu wa tsiku ndi tsiku, zija za ku Argentina zinadzaza mzinda wonse, ukasiya supuni ya shuga pa kauntala mphindi khumi wapeza msonkhano. Nkhanu sindinasungepo, ndinangoziona zili zakutchire ku gombe ku Mozambique zikuyenda usiku ndi zigoba zawo, koma ndimaweta nalimata mu thanki yofanana ndi yanuyo ndipo zinandilowerapo kawiri. Chimene chinandithandiza ndi nzeru ya agogo ija, miyendo ya tebulo m'zitini za madzi monga timachitira ndi kabati ya ndiwo kumudzi, nkudonthezamo sopo wotsukira mbale pang'ono kuti zisayandame. Vaseline amagwira fumbi, pakatha masiku zimayenda pamwamba pake bwinobwino.

Koma ine mosiyana ndi anzathu a ku Houston ndikanati chotsani zonse, mchenga mutaye, thanki mutsuke ndi madzi otentha muyambirenso. Ine ndinachita ulesi ulendo woyamba ndinangochotsa zapamwamba, patatha sabata zinatulukanso pansi. Yokwiririkayo siingoikidwa mu kabeseni kena kaye?

NkhanuZisanu_Houston

Achimwene za zitini zamadzi ndi nzeru ndithu ndipo za fumbi mukunena zoona, Vaseline amafuna kupakanso sabata iliyonse. Vuto ndi lakuti kuti muike zitinizo muyenera kunyamula tebulo, thanki ya magaloni 20 yodzaza mchenga wonyowa ndi yolemera ngati thumba la simenti, mukaigwedeza kaphanga kamene nkhanu yakumba pansi kamagumuka. Nalimata akafundula amangovula khungu nkumayenda, nkhanu ayi. Imakumba pansi, imavula chikamba chonse mpaka cha miyendo ndi maso, imatsala yofewa ngati phala losazizira, siingathe ngakhale kuyenda, kenako imadya chikamba chakale chija kuti ipeze calcium wolimbitsira chatsopano. Yaing'ono imatha masabata angapo, yaikulu miyezi iwiri kapena itatu ili pansi. Masabata atatu a Chigumu si nthawi yoti muyambe kuda nkhawa.

Ine ndinafukulapo imodzi chaka changa choyamba, osati chifukwa cha nyerere koma mantha chabe, ndimati yafa. Ndinaipeza ili pinki, yofewa, chikamba chake chili pambali, inataya miyendo iwiri m'manja mwanga momwemo ndipo patatha masiku anayi inafa. Mpaka lero zimandiwawa. Ikafa pansi simusowa kufukula kuti mudziwe, fungo la nsomba yoola limakuuzani lokha.

Kufukula nkololedwa pokhapokha mwaona ndi maso kuti nyerere zamanga mkati mwa mchenga momwemo, zikulowa ndi kutuluka m'mabowo. Apo ndiye palibe kuchitira mwina, mumakumba ndi supuni pang'onopang'ono kuyambira ku ngodya, mukaipeza mumaitapa ndi supuni pamodzi ndi chikamba chake chakale, nkuika mu kakontena koboola pamwamba, pa mchenga wonyowa, pamdima, mkati mwa malo ofunda omwewo, osaikwiriranso chifukwa siingathe kudzikumbira mpweya. Mchenga watsopano ndi play sand ya ana ija magawo 5, coconut fibre gawo 1, kunyowetsa mpaka uziumbika, kuya kwake masentimita 15 kapena kuposa. Koma tisafike kumeneko asisi asanayang'ane.

Malume_a_ku_Kawale

Ndagonja ine, Doom wanga ndabweza. Koma nkhanu kudya chikamba chake chomwe? Abale dziko ili. Mwanayo mumuuze malume akupepesa, amafuna kupha Mandasi.

MamaWaAwiri_Indiana

Ndabwera ndi lipoti. Zikomo nonse, makamaka inu a ku Houston munandigwira dzanja chifukwa bambo anali atagwedeza kale chitini.

Usiku womwe uja titagoneka ana tinatenga tochi ya pa foni nkuyamba kunyamula zinthu chimodzichimodzi. Pansi pa mbale palibe, m'zigoba palibe, ndinayamba kusangalala. Kenako ndanyamula kamtengo kamphako kamene kali pa ngodya kufupi ndi chotenthetsera, mayo ine, munali mwakuda ndipo timpunga toyera tija tili mbwee m'ming'alu, zikuthamanga uku ndi uku aliyense wasenza kake. Ndinakuwa mpaka mwana anadzuka. Bambo anabweretsa pepala lapulasitiki tinaponyamo mtengowo ndi moss yense nkumanga, panja. Mtengowo sindinafune ngakhale zouphika mu uvuni, unapita ku bini. Mchenga wa pa ngodya imeneyo ndinapala wapamwamba ndi supuni mwina masentimita atatu, ndimayang'ana mabowo mtima uli m'mwamba koma pansi pake panali poyera, zinali zisanalowe. Zigoba zopanda kanthu ndinawiritsa mphindi zochepa m'madzi ochotsa chlorine.

Mandasi ndi Zitumbuwa anagona mu kontena yapulasitiki masiku awiri pomwe ine ndimatola nyerere zotsala ndi selotepi, njira imeneyi ndinaitulukira ndekha, umangomata nkunyamula, ndipo ndinaika kachivindikiro ka botolo kali ndi dontho la uchi kuti zisonkhane malo amodzi ndizitola bwino. Chingwe chija munanena zoona, mzere wonse umakwera pa chingwe cha chotenthetsera kuchokera ku soketi. Pano chapakidwa Vaseline mpaka chikunyezimira. Tebulo sitinalinyamule, zitini tidzaika Chigumu akatuluka achimwene a ku Bellville musadandaule. Nyambo ili pansi pa windo kuseri kwa shelefu, masiku atatu oyamba panali ngati pa msika wa Lizulu, bambo amangoyenda mozungulira manja akuwayabwa, lero ndi tsiku la 9 ndawerenga zinayi zokha. Kamng'alu ka pa windo tamata.

Chinthu china, nditagwada ndi tochi ndinasuzumira kunsi kwa thanki, tebulo lake lili ndi mpata pakati, ndipo ndinaona kaphanga kogundana ndi galasi la pansi, mkati muli chigoba cha Chigumu ndi tina tofiirira pambali pake. Ndinazimitsa tochi msanga nkumatapo kakatoni. Fungo la nsomba kulibe, mwana amanunkhiza m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu ngati ntchito yolembedwa.

Funso lina tsopano, awiri aja ndawabwezera mu thanki ndipo Zitumbuwa wayamba kukumba mbali yomweyo ya Chigumu. Ndimuletse?

NkhanuZisanu_Houston

Eya mutchingireni Chigumu, nkhanu yofundula imanunkhira ngati chakudya kwa zinzake ndipo zimatha kuidya. Poti mukudziwa pomwe ali zaphweka. Dulani botolo la malita 2 la zakumwa, mutsuke bwino, muchotse chitsekerero kuti mpweya uzilowa, ndiye mulibaye mu mchenga pang'onopang'ono mozungulira malo akewo mpaka ligunde galasi la pansi, mpata ukhale wokwanira kuti lisadule phanga. Akadzatuluka mudzamupeza wakhala pamwamba mkati mwa botolomo, nsonga za miyendo zakuthwa zakuda. Mukonzeretu zigoba ziwiri zitatu zokulirapo pang'ono zosapenta, za turbo zija zapakamwa pozungulira, chifukwa zopenta za ku shopu utoto wake umasupuka nkumadyedwa. Ndipo mukadzapeza ndalama thanki ikule, atatu mu magaloni 20 ayamba kupanikizana. Mango mudikire kaye mpaka nyambo ikhale sabata yathunthu osaona mlendo.