Triphala ndi Avipattikar kwa munthu wa shuga ndi BP, zimayenderana ndi mapiritsi akuchipatala?

Nyenyezi:
Odziwa za Ayurveda, mankhwala achikhalidwe a ku India, ndithandizeniko. Munthu wa zaka za m'ma 50 ali ndi shuga, akumwa metformin ndi glibenclamide, BP nayonso akuyimwera mapiritsi. Amadzimbidwa, chimbudzi chimatha masiku atatu osabwera, usiku chilungulira sichimugoneka. Amulangiza kuti amwe mankhwala aufa otchedwa Triphala ndi Avipattikar churna. Amwe wochuluka bwanji? Nanga sizisemphana ndi mapiritsi akewo?

Mthunzi:
A Nyenyezi, awiriwa musawaike m'gulu limodzi. Triphala ndi ufa wa zipatso zitatu zouma, haritaki, bibhitaki ndi amalaki, zosakaniza mofanana. Ntchito yake ndi kufewetsa m'mimba. Muyezo wa munthu wamkulu ndi magalamu 3 mpaka 6, m'madzi ofunda, pokagona. Ayambe ndi magalamu 3 kwa masiku atatu, aone mmene kukuchera. Chimbudzi chikabwera chofewa kamodzi, muyezo ndi womwewo, asawonjezere. Kukayamba kupota kapena kutsegula, wachulutsa. Apa mpofunika kusamala chifukwa metformin payekha amatsegulitsa m'mimba anthu ena, ndipo munthu wa BP amene akumwa mapiritsi okodzetsa madzi amamuthera msanga m'thupi.

Avipattikar ndiye ayi kwa ameneyu. N'zoona amathandiza chilungulira, koma pa kapangidwe kake kakale pafupifupi theka la ufawo ndi shuga weniweni, gawo lina lalikulu ndi muzu wa trivrit womwe umatsegula m'mimba mwamphamvu. Kuuphatikiza ndi Triphala ndiye kuti otsegula m'mimba akhala awiri, shuga ali pamwamba. Asamalenso ndi yashtimadhu, muzu wotsekemera womwe amakonda kuuika m'mankhwala a chilungulira: umakweza BP ndipo umatsitsa potaziyamu m'magazi.

Kamtsitsi:
Ndikuvomerezana nawo a Mthunzi, koma ufa usatiiwalitse kadyedwe. Ayurveda imati gwero la mavuto a m'mimba ndi kufooka kwa agni, moto wogaya chakudya, ndipo chakudya chosagayika bwino chimasanduka zinyalala zapoizoni zotchedwa ama. Buku la Charaka Samhita limagawa mimba patatu: gawo limodzi chakudya, lina zamadzi, lachitatu likhale lopanda kanthu. Pa chilungulira cha usiku, malangizo amenewa amagwira ntchito kuposa ufa uliwonse. Chakudya chachikulu chikhale cha masana, chamadzulo chopepuka, ndipo papite maola atatu asanagone. Kumutu kwa bedi akweze ndi masentimita 15 kapena 20 poika zotchingira pansi pa miyendo ya bedilo. Kuunjika mapilo kumangopinda mimba, asidi n'kumakwerabe.

Pa kudzimbidwa ine ndingayambe ndi isabgol, makoko a njere za psyllium. Magalamu 5 m'tambula yodzaza madzi, mamililita 250, kutakasa ndi kumwa nthawi yomweyo asanagwirane, kenako kutsatiza madzi ena. Akamwa ndi madzi ochepa amatupira pakhosi kapena m'matumbo, kudzimbidwako n'kukula. Azitalikitsa ndi mapiritsi ena kwa maola awiri chifukwa amachedwetsa mankhwala kulowa m'magazi. Trikatu, uja wa jinja, tsabola wakuda ndi tsabola wina wotchedwa pippali, ngakhale amamutama pa zogaya chakudya, wa chilungulira amamuwotcha pachifuwa.

Nyenyezi:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga karela, chipatso chowawa chonga nkhaka, ndi masamba a gudmar amene amati amatsitsa shuga, angawonjezere?

Chisisira:
Amatsitsadi, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Glibenclamide amakakamiza thupi kutulutsa insulin kaya munthu wadya kaya sanadye. Mukaonjezerapo karela, gudmar kapena njere za methi (fenugreek), shuga akhoza kugwa pansi pa 70 mg/dL, munthu n'kuyamba kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, mwina kukomoka ali m'tulo. Ngati akufunadi kuyesa, adokotala ake adziwe kaye, ayambe chinthu chimodzi chokha, aziyeza shuga m'mawa asanadye komanso maola awiri atadya, azilemba. HbA1c, muyezo wa magazi woonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi ingapo, ayezetse pakatha miyezi itatu. Mapiritsi asawasiye payekha ngakhale manambala akuoneka bwino.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zomwe zili m'botolo. Mu 2004 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wa mankhwala a Ayurveda 70 ogulidwa m'masitolo a ku Boston, ndipo 14 anapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Ena amaikamo zitsulozi dala, motsatira nthambi yotchedwa rasa shastra. Mukaona mawu akuti bhasma, rasa kapena sindoor pa dzina kapena pa mndandanda wa zosakaniza, wa shuga ndi BP asakhudze, impso zake zili kale pa chiopsezo. Ufa wopanda dzina la kampani, nambala ya batch ndi tsiku lothera ntchito asagule n'komwe. Zitsamba za giloy ndi ashwagandha nazonso zadwalitsapo anthu ena chiwindi. Maso akayamba chikasu kapena mkodzo kuda, asiye tsiku lomwelo, akayezetse magazi.

Chomaliza a Nyenyezi, pa msinkhu umenewu mufunseni ngati kudzimbidwaku n'kwachilendo. Ngati kwayamba posachedwa, kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii ngati phula, muli magazi, akuwonda osadziwa chifukwa, kapena chakudya chikumuima pakhosi pomeza, Triphala adikire kaye, apite akamuunike m'mimba ndi m'matumbo. Chilungulira chosatha akayezetsenso H. pylori, kachilombo kameneka kamafuna maantibayotiki.