Za mtunda wa pa ndege kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg

Masiku apitawa ndinafunsa kutalika kwa ulendowu, poti ena amati ndi maola awiri, ena amati pafupifupi anayi. Ndafufuza, ndipo onsewa sakunama.

Kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg, molunjika mumlengalenga, ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ndege yosaima pena paliponse imatenga maola awiri ndi theka kapena kucheperapo pang'ono. Koma ndege zina zimayamba zatera ku Chileka ku Blantyre kukatenga anthu. Kutera, kudikira ndi kunyamukanso ndi kumene kumadya nthawi, ngakhale kuti mtunda wowonjezerekawo si wambiri. Musanalipire tikiti, onetsetsani ngati ili ndi poima.

Za wotchi musade nkhawa, nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi.

Amene mumayerekeza ndi basi, msewu wodzera ku Dedza, Tete, Harare ndi Beitbridge umapitirira makilomita 1,800, kuphatikizapo mizere ya m'malire atatu. Kumbukiraninso kuti ku Lumbadzi n'kunja kwa tauni, makilomita oposa 20, choncho nyamukani msanga.