Sienta yanga ilibe handibuleki ndipo muli mzimayi akuyankhula Chijapanizi, thandizeni

NaBanda_49 analemba:

Moni nonse muno. Abale ndithandizeni ndisanaononge chinthu chomwe ndachisungira ndalama zaka zitatu. Ndagula Sienta ya 2012 yochoka ku Japan, yabwera kudzera pa Dar, ndiye mnyamata amene anakaitenga anangondisiyira makiyi pa geti Lachisanu madzulo nkuthamangira basi osandilongosolera kalikonse. Ineyo laisensi ndili nayo koma kusukulu ndinaphunzirira ya manyuwo, ya kilatchi ndi handibuleki yokoka ndi dzanja ija. Iyiyi ndi otomatiki ndipo pakati pa mipando palibe chokoka chilichonse.

Loweruka mmawa ndinati ndipite kumsika, galimoto ikulemera ngati ndamangirira ngolo kumbuyo, kabelu kakungolira, pa dashibodi kwayaka kagetsi kofiira kozungulira kachizindikiro cha ! pakati. Ndinayenda choncho mwina makilomita awiri. Nditaima ndinamva fungo lopserera kumatayala akumbuyo mtima unangoti phwii. Mlonda wa pamalopo ndi amene anandionetsa kuti kumanzere kuli kapedo kena pamene pamakhala kilatchi paja, akuti imeneyo ndiye handibuleki yake. Ndikuganiza kuti ndinakaponda ndekha polizitsa poti mwendo unazolowera kilatchi.

Ndiye funso langa, kodi ndaononga mabuleki? Chachiwiri ndikangoliza mumatuluka mawu a mzimayi akuyankhula Chijapanizi, akundichenjeza chani? Wailesi ikungogwira masiteshoni awiri basi. Pa giya pali P R N D zomwe ndikuzidziwa koma mmusi mwake muli S ndi B. Masabata awiri akubwerawa tili ndi chinkhoswe ku Mua ndipo ndikuyenera kukatenga apongozi pa Dedza nkutsika ya Khwekhwerere ndi ana atatu mgalimoto, usiku sindikugona nazo.

Makaniko_waKawale anayankha:

Achemwali pepani, koma musade nkhawa kwambiri, nkhani imeneyi pa galaja timailandira pafupifupi sabata iliyonse makamaka kwa amene achoka ku manyuwo. Kapedo kakumanzereko mukakaponda kamodzi kamalira kuti kererere nkukhala pansi, ndiye kuti buleki yagwira. Pochotsa, mwendo wamanja ukhale pa buleki yaikulu kaye, kenako mukaponde kachiwiri mpaka mumve kuti tha, kabwerera kokha mmwamba ndipo kagetsi kofiira kaja kazima. Mwendo wakumanzere ntchito yake ndi imeneyo basi, poyenda uzikhala phee pambali. Faya ndi buleki zonse ndi za mwendo wamanja.

Makilomita awiri pang'onopang'ono nthawi zambiri siwononga, zimangotentha ma shoes akumbuyo, tizitsulo togwira buleki, poti Sienta yanuyo kumbuyo ndi ma drum, mbale zachitsulo zomwe ma shoes amakhala mkati mwake. Koma poti mukupita kukatsika phiri, ine ndingakonde wina atsegule ma drum-wo aone ngati ma shoes sanasalale ngati galasi. Akatero buleki imagwira mofooka. Ndi ntchito ya ola limodzi. Muyesenso nokha, imikani pa kamtunda, pondani kapedoko, ikani pa N mwendo uli pafupi ndi buleki muone ngati ikutsetsereka.

China ndikupempheni muchisunge, kagetsi kofiira ka ! kali ndi ntchito ziwiri. Kakayaka kapedo kali mmwamba ndiye kuti brake fluid watsika mu kabotolo ka mu boneti, mwina ma pads atha kapena penapake pakudontha. Pamenepo simuyenda ayi, mumaimika nkuitana munthu.

Komanso poimika zolowerani dongosolo ili: buleki yaikulu, pondani kapedo, kenako P. Anthu ambiri amangoika pa P nkutsika, galimoto yonse nkulemera pa kachitsulo kakang'ono ka mu giyabokosi, ndi chifukwa chake pamtunda giya imavuta kuchoka pa P nkulira kuti gu.

Mzimayi akuyankhulayo sakunena za injini. Ndi kabokosi ka ETC, kolipirira misewu ya ku Japan, kakungodandaula kuti simunaikemo khadi. Kayang'aneni mmusi mwa sitelingi kapena mu kabati kakutsogolo, kakuda kangati paketi ya fodya. Pa mageti athu olipirira msewu a pa Chingeni kapena pa Kalinyeke sikagwira ntchito, wa zamagetsi atha kukachotsa. Wailesi nayo siyoonongeka, mawailesi akale aku Japan amayambira pa 76 kulekeza pa 90 pomwe masiteshoni athu ambiri ali pamwamba pa 90 mpaka 108. Mumagula kachipangizo kotchedwa band expander nkulumikiza ku eriyo, kungoti manambala a pa sikirini sagwirizana ndi omwe mumawadziwa.

Dalaivala_M1 anayankha:

Mayi, ine ntchito yanga ndi yomweyo yotenga magalimoto pa Dar kudutsa pa Songwe kutsika nawo mpaka Lilongwe ndi Blantyre, ndiye ndilankhulepo za S ndi B chifukwa pamenepo ndi pamene pali moyo wanu ndi wa anawo.

Otomatiki ukaisiya pa D potsika phiri imathamanga yokha ngati njinga yopanda tcheni, ndiye munthu amangokhalira kuponda buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Buleki ikatentha kwambiri imasiya kugwira, pedo imafewa kenako imangopita pansi. Ndinaziona ndi maso anga pa Chiweta, kagalimoto kakang'ono kali mmbali mwa msewu matayala akutsogolo akufuka utsi, mwini wake atakhala pamwala manja akunjenjemera, mwayi wake anapeza poikhotetsera. Anandiuza kuti sanadziwe kuti zilembo zinazo ndi zachani.

S imagwira galimoto pang'ono, ndi ya malo otsetsereka mwapakatikati. B imagwira kwambiri, ili ngati giya yoyamba kapena yachiwiri pa manyuwo. Magalimoto ena mmalo mwake amalemba 2 ndi L, ndi nkhani imodzi. Mukakhota pa Masasa nkuyamba kuona chigwa cha ku Golomoti kutsogoloko, chepetsani liwiro msanga musanalowe mmakona, kokerani pa B. Injini ilira mokweza ngati yakwiya, musaope, ikugwira ntchito yake. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono kanthawi kochepa nkusiya kuti ipume, osati kuigoneka mwendo njira yonse. Mukafika pansi bwezerani pa D. Kuchoka pa D kupita pa S kapena B simufunika kuima. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuika pa N kuti musunge mafuta, anyamata ena amatero koma ndi kuseweretsa moyo.

Musadikire tsikulo. Sabata ino pezani kamtunda kopanda magalimoto ambiri muyese kawiri katatu kuti dzanja lizolowere komanso khutu lizolowere kulira kwakeko. Ndipo mutsike kukuwala, musalole kuti achibale akuchedwetseni mpaka mdima.

Muonenso matayala. Ambiri amabwera ndi matayala a chisanu, ofewa, okhala ndi timizere tambirimbiri tating'ono ndi kachizindikiro ka chipale chofewa (snow) mmbali, ena amalemba studless. Amaoneka atsopano koma pa phula lathu lotenthali amatha msanga ndipo pamvula sagwira bwino. Mmbali mwa tayala muli manambala anayi, mwachitsanzo 2316 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2016. Mpweya wake musamvere za mnyamata wa pa filing'i, tsegulani chitseko cha dalaivala muona kasitika pa chipilalapo, zalembedwa mu kPa. Ngati palembedwa 230 ndi pafupifupi 33 pa geji ya psi.

MayiWaAwiri anayankha:

Asisi ine ndingoonjezera za ana poti azibambowa anena za injini. Tsegulani zitseko zotsetsereka zija muyang'ane mmphepete mwake, muli kandodo kakang'ono kokankhira mmwamba kapena mmusi. Mukakaika pa loko chitseko sichitseguka ndi mkati, mpaka wina atsegule kunja. Wanga wa zaka zinayi anakoka chogwirira tili pa raundabauti, chitseko chinangoti tseku pang'ono, mpaka lero ndikakumbuka thupi limachita tsemwe. Kuyambira tsiku limenelo loko sindichotsa. Pa chitseko chanu palinso batani lotsekera mawindo onse kuti asamaseweretse, windo lamagetsi limapana chala zoopsa.

Kutsogolo kukhale apongozi, ana onse kumbuyo. Ndikudziwa kwathu kuno khanda timalifukata kutsogolo ndipo apongozi anena kuti bweretsani ndimunyamule, koma chonde kanani mwaulemu. Airbag imatuluka ndi mphamvu yoti munthu wamkulu imamusupula nkhope, nanji mwana ali pamiyendo ndi amene amayamba kukumana nayo. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo nawo sauika kutsogolo. Lamba aliyense wake, osati awiri lamba mmodzi, ndipo asapititse kunkhwapa kapena kumbuyo kwa msana.

Inunso mpando mukonze. Ine poyamba ndinkadzikanikiza pa sitelingi kuti ndiziona boneti. Mlamu wanga anandionetsa kuti ukhale msana utatsamira, utambasule dzanja, pamene timavala wotchi pagunde pamwamba pa sitelingi phewa lisanachoke pampando. Buleki uziponda mpaka pansi bondo likadali lopindika pang'ono. Pakati pa chifuwa ndi sitelingi pazitsala masentimita ngati 25. Ngati ndinu wamfupi ngati ine onani mmbali mwa mpando, ena ali ndi chokwezera. Kotsamira mutu kaja sikokongoletsa, pamwamba pake palingane ndi pamwamba pa mutu wanu, wina akakugundani kumbuyo ndi kamene kamateteza khosi. Magalasi mukonze pomaliza mutakhala kale bwino, ammbaliwo galimoto yanu izingooneka kachidutswa kochepa, kwinako kukhale msewu.

O ndi kandodo kofiira kali kumapazi a pasenja, kooneka ngati tochi, musawapatse ana. Ndi kamoto kochenjezera ena ukafa pamsewu, kamayaka ngati machesi aakulu. Apolisi athu amafuna ma triangle, mugule awiri.

Mjoni_Tembisa anayankha:

Zonse zanenedwa bwino. Ine changa ndi chimodzi, mukatembenuza kiyi musanalize yang'anani dashibodi yonse. Timagetsi tonse timayenera kuyaka kenako nkuzima, ka airbag kamene kali ndi kamunthu kokhala ndi mpira kutsogolo kamatenga masekondi ochepa. Kakakhala koyaka pali vuto, koma kakapanda kuyaka nkomwe ndiye muchenjere kwambiri chifukwa pali ogulitsa ena amachotsa babu kuti abise. Chimodzimodzi ka ABS, chipangizo choletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda buleki mwamphamvu. Ndipo tsiku lina mukadzaponda buleki mwadzidzidzi nkumva pedo ikunjenjemera ndi kulira kuti grrr, musachotse mwendo, ndi ABS imeneyo, pondanibe nkumawongolera.

Kuno ku Joni ndimayendetsa Polo, indiketa ili kumanzere waipa kumanja, ndikabwera kumudzi nkugwira ya ku Japan zimasinthana ndiye pa kona ndimayatsa waipa. Ngati ya kusukulu kwanu inali yotero dziwani kuti pa Sienta indiketa ndi magetsi zili kudzanja lamanja. Mukanyamula anthu asanu ndi awiri ndi katundu kumbuyo kumatsika magetsi nkuloza mmwamba kumathobwa anzanu, ngati kumanja kwa sitelingi kuli kagudumu kolembedwa 0 mpaka 5 kwezani nambala, kuwala kumatsika. Mukakhala nokha bwezerani pa 0.

Makaniko_waKawale anayankhanso:

Zoona achimwene, za babuzo ndazipezapo kangapo. Ndinaiwala china achemwali, ku Dedza mmawa kumazizira ndipo ndi anthu ambiri mgalimoto galasi lakutsogolo lichita nthunzi. Musapukute ndi chitenje mukuyenda. Tembenuzirani mpweya pa chizindikiro cha galasi lakutsogolo, yatsani A/C ngakhale kukuzizira, ndipo kabatani ka mpweya kakhale kolowetsa wakunja osati wozungulira mkati. Mphindi imodzi galasi layera.

NaBanda_49 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Dzulo ndinapita nayo ku galaja anatsegula kumbuyo, akuti ma shoes ali bwino angopukuta fumbi nkusintha pang'ono kapedo kaja. Koma matayala ndi a chisanu ndithu bambo Dalaivala, onse anayi, ndipo ndi a 2017, ndiye awiri akutsogolo ndagula kale enawo ndidikira malipiro a pa 25 lisanafike tsiku la ulendo. Timagetsi tonse tikuyaka nkuzima. Loko wa ana ndaika mbali zonse, mpando ndabweza mmbuyo madindo awiri ndipo mwendo wakumanzere ndikuuphunzitsa kukhala phee.

B ndamuyesa lero mmawa katatu pa kamtunda kakufupi ndi kwathu, ulendo woyamba kulira kwake kunandiopsa ndinabwezera pa D msanga, wachitatu ndinatsika mpaka pansi buleki ndangoigunda kawiri. Apongozi ndawaimbira kuti tinyamuka pa Dedza 9 koloko mmawa ndipo mwana akhala kumbuyo mu mpando wake, anayamba adandaula koma avomera.

Chatsala chimodzi, chitseko chakumanzere chotsetsereka chija dzana chimatseguka chokha ndikakoka, lero chikufuna kukankha ndi dzanja. Pali batani lolembedwa PWR DOOR OFF pafupi ndi bondo langa lamanja, mwina mwana analidina. Ndilidinenso kapena ndisiye choncho mpaka tibwere ku Mua?